Akalulu a pa kompyuta ndi khungu la anyezi: kuphunzitsa sayansi ya zamoyo ndi zimene zili pa intaneti

Mwana wa zaka 12 mukamukhazika pa kompyuta imene mwatsegulapo pulogalamu yokongola ya sayansi, amadina batani lililonse limene waliona, ndipo mphindi zitatu zisanathe amakweza dzanja: "Aphunzitsi, ndamaliza." Mukamufunsa chimene waona, amayankha kuti akalulu achuluka. Achulukadi, koma m'mutu mwake simunalowe kanthu, chifukwa wafika pa sikirini alibe funso loti ayankhe.

N'chifukwa chake, aphunzitsi anzanga amene muli ndi ana a zaka 11 mpaka 14, ndisanatchule webusaiti iliyonse ndinene kaye lamulo la m'kalasi mwanga. Palibe wokhudza kompyuta asanalembe m'kope chimene akuganiza kuti chichitika, ndi chifukwa chake. Alembe ndi bolopeni, osati pensulo, kuti asafufute akaona kuti zayenda mwina. Akachoka pa kompyutapo, pakhale chinthu chenicheni choti agwire kapena awerenge: tsamba, kachirombo, dontho la madzi, kugunda kwa mtima wake. Kompyuta imabwera pakati pa ziwirizi. Ndipo posankha choti nditsegule ndimafunsa funso limodzi lokha: kodi pali chimene mwana angasinthe yekha n'kuona zotsatira zake? Ngati palibe, ndiye kuti ndi buku chabe loikidwa pa sikirini. Mabuku si oipa, koma sindiwonongera nthawi ya kompyuta pa iwo.

Akalulu ndi mimbulu

Kumene ndimabwererako kawirikawiri ndi ku PhET, webusaiti ya mapulogalamu ophunzitsira sayansi ya ku University of Colorado Boulder. Amene anaiyambitsa mu 2002 ndi Carl Wieman, yemwe analandira mphoto ya Nobel ya fizikisi mu 2001. Zambiri zimene zilipo n'za fizikisi ndi kemisitiri, koma pa zochepa za zamoyo pali ina yotchedwa Natural Selection imene ingakukwanireni sabata yathunthu. Ndi yaulere, ndipo mungathe kuipanga dawunilodi ngati fayilo imodzi n'kumaitsegula popanda intaneti.

Imayamba ndi kalulu mmodzi woyera ali panthaka yofiirira. Mukamupatsa mnzake amayamba kuswana, ndipo pansi pamajambulika mzera wosonyeza chiwerengero chawo m'badwo uliwonse. Ulendo woyamba musawonjezere chilichonse. Afunseni ana kuti pofika m'badwo wachisanu akalulu akhala angati, aliyense alembe nambala yake. Ambiri amalemba khumi kapena makumi awiri chifukwa amaganiza zophatikiza, pamene zamoyo zimachulukitsa. Mzera uja ukayamba kukwera ngati khoma, mpaka pulogalamu kuima n'kulengeza kuti akalulu alanda dziko lonse, funso lotsatira limachokera kwa iwo eni: nanga bwanji m'tchire sizikhala choncho? Mayankho awo alembeni pabolodi, njala, zilombo, matenda, kenako muwasonyeze kuti awiri oyambawo ali ndi mabatani ake.

Tsiku lachiwiri ndiye lofunika kwambiri. Pali malo owonjezerapo kusintha kwa jini (kanthu ka m'selo kochokera kwa makolo kamene kamapereka maonekedwe), kuti pakati pa akalulu oyera pabadwe wa ubweya wofiirira. Dinani pamenepo mimbulu isanabwere, ndipo onetsetsani kuti mwana aliyense waona ndi maso ake kuti kalulu wofiirira wabadwa kulibe mmbulu ndi umodzi womwe. Ndikuumirira pamenepa chifukwa pafupifupi mwana aliyense wa msinkhu uwu, ngakhale akuluakulu ambiri, amakhulupirira kuti nyama imasintha chifukwa yafuna kapena yaona zoopsa: "Akalulu anada kuti abisale." Chiganizo chimenechi n'chovuta kuchizula. Mukachimva musachikonze nokha. Bwezerani pulogalamu poyambira n'kufunsa kuti chayamba n'chiti, mtundu wofiirira kapena mmbulu. Kenako lowetsani mimbulu, ana awerenge oyera ndi ofiirira m'badwo uliwonse, alembe m'mizera iwiri. Palibe kalulu ndi mmodzi yemwe amene wasintha mtundu ali moyo. Oyera akugwidwa chifukwa akuonekera patali, ofiirira akutsala n'kubereka. Nkhani yonse yathera pomwepo, koma mwana amafunika kuiona katatu kapena kanayi kuti aikhulupirire.

Akayamba kudzimva kuti adziwa, dinani kachizindikiro kosinthira malo kuti pansi pakhale chipale chofewa. Musanatero alembenso zimene akuyembekezera. Apa pamatuluka ganizo lina lolakwika. Pulogalamu imakulolani kusankha kuti jini la ubweya wofiirira likhale dominant, kutanthauza kuti limaonekera ngakhale litachokera kwa kholo limodzi, kapena recessive, loonekera pokhapokha litachokera kwa makolo onse awiri. Ana amaganiza kuti la dominant ndiye liyenera kufala nthawi zonse. Ikani lofiirira kukhala dominant pa chipale choyera, mimbulu ilipo, aone likuchepa mpaka kusowa. Mano aatali ndi makutu ogwa ziliponso, koma ine ndimazisiyira amene amaliza msanga.

Akalulu a pa sikirini ndi zojambula, ndipo mwana wochenjera adzakuuzani kuti anthu anangozikonza kuti ziziyenda choncho. Ali ndi mfundo. Muyankheni ndi nyama zenizeni, ndipo malo ake ndi BioInteractive, webusaiti ya Howard Hughes Medical Institute, imene ili ndi mavidiyo aafupi ndi mapepala osindikiza, zonse zaulere. Pali nkhani ya timbewa ta m'chipululu cha ku Arizona ndi New Mexico: tokhala pamchenga n'totuwa, tokhala pamiyala yakuda ya chiphalaphala chouma n'takuda, ndipo osankha ake ndi akadzidzi ndi zilombo zina zosaka ndi maso. Koma imene imakhalitsa kalasi chete ndi ya njovu za ku Gorongosa, malo osungirako nyama zakutchire ku Mozambique. Pa nkhondo yapachiweniweni ya 1977 mpaka 1992, njovu pafupifupi 90 pa 100 zilizonse zinaphedwa, makamaka chifukwa cha minyanga. Kafukufuku amene anatuluka mu 2021 anasonyeza kuti nkhondo isanayambe, zazikazi zopanda minyanga zinali zosakwana imodzi pa zisanu. Pa zimene zinapulumuka zinali theka. Pa zobadwa nkhondo itatha zinali imodzi pa zitatu. Apatseni ana manambala atatuwa okha, muwauze kuti afotokoze osanena mawu akuti "zinafuna". Zambiri za pa BioInteractive anakonzera ana okulirapo, choncho mapepala ake musawapereke momwe alili. Tengani mafunso atatu kapena anayi, enawo asiyeni.

Selo ndi laling'ono bwanji?

Ana amaloweza msanga kuti zamoyo zonse zili ndi maselo, koma mukawafunsa kuti chachikulu n'chiti pakati pa selo, bakiteriya, vairasi ndi atomu, amangoti zonse n'zazing'ono. Pa Learn.Genetics, webusaiti ya ku University of Utah, pali tsamba lotchedwa Cell Size and Scale. Lili ndi kamzera kamodzi koti muzikoka. Mumayambira pa njere ya khofi, n'kumatsika kudutsa pa kambulu ka mchere, dzira la munthu, selo lofiira la m'magazi, bakiteriya, vairasi, mpaka pa atomu ya kaboni. Musanatsegule, lembani mayina a zinthu zimenezi pa timakadi, gulu lililonse litisanje kuyambira chachikulu mpaka chaching'ono, mujambule masanjidwe awowo ndi foni kapena muwakopere pabolodi. Kenako akoke kamzera kaja n'kuona pamene anaphonya. Pafupifupi nthawi zonse amaika vairasi ndi bakiteriya pamalo amodzi.

Mukatero tulukani panja ndi choko ndi tepi yoyezera. Mugwirizane kuti maikulomita imodzi, yomwe ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000 a milimita, muijambula ngati sentimita imodzi. Bakiteriya wa m'matumbo wotchedwa E. coli atalika masentimita 2. Selo lofiira la m'magazi likhala masentimita 7 kapena 8. Dzira la munthu lipitirira pang'ono mita imodzi. Vairasi ya chimfine ikhala kadontho ka milimita imodzi, koti choko sichingajambule bwino. Ndiye afunseni: pa muyezo womwewu, mwana wotalika mita imodzi ndi theka angatalike bwanji? Asiyeni avutike nayo samuyo. Yankho ndi makilomita 15.

Tsopano maikulosikopu. Ngati muli nayo imodzi yokha, imeneyo yakwana. Foni yoikidwa bwino pa diso lake imajambula zoti kalasi yonse ione. Palinso Foldscope, maikulosikopu yopinda ya pepala imene anakonza Manu Prakash ndi Jim Cybulski ku Stanford, imene imakuza chinthu ka 140. Dulani anyezi, thyolani kachigamba kamodzi, ndipo mkati mwake musende kakhungu kopyapyala koonekera. Kayaleni pa galasi, dontho la madzi, dontho la ayodini, kenako kagalasi kovindikira mukatsitse chopendekera, mbali imodzi iyambe yakhudza madzi. Mukangokagwetsa chathyathyathya mutsekera thovu la mpweya, ndipo muona theka la kalasi likujambula mosamala timagudumu tozungulira ta m'mphepete mwakuda bii, n'kulemba pansi kuti "selo". Ndi bwino muwasonyeze dala thovu limodzi poyamba kuti alidziwe. Maselo enieni a anyezi amaoneka ngati njerwa zoyalidwa pakhoma, ndipo mwa ena mumaoneka kadontho kachikasu komwe ndi phata la selo.

Pakapita kanthawi wina adzafunsa kuti zobiriwira zija zili kuti, popeza chithunzi cha selo la chomera chimene anaona pa intaneti chinali ndi timibulu tobiriwira. Funso limeneli n'labwino kuposa yankho lililonse limene mukanakonzekera. Mutu wa anyezi umakula kumdima ndipo ntchito yake n'kusunga chakudya, choncho maselo ake alibe timibulu tobiriwira tija, totchedwa ma chloroplast. Pomwepo auzeninso kuti mitundu yowala ya pa zithunzi za maselo, yofiira, yapepo, yalalanje, amaika ndi ojambula kuti ziwalo zisiyane. Robert Hooke, amene anayamba kuona tizipinda timeneti mu khungwa louma n'kufalitsa zojambula zake mu 1665, anaona makoma okha opanda kanthu mkati. Zojambula zakezo zimapezeka pa intaneti, ndipo ana amasangalala kuika zawo pambali pa zake.

Mtengo umachokera kuti

Mavidiyo onena za mmene zomera zimapangira chakudya alipo osawerengeka, ndipo ambiri ndi amodzimodzi: dzuwa lomwetulira, mivi yolowa ndi kutuluka m'tsamba. Ana amawaonera, amalemba bwino mayeso, koma mukawasonyeza chipika n'kufunsa kumene kulemera kwake kunachokera, amati m'dothi. Ine ndimayamba ndi Jan Baptist van Helmont wa ku Brussels, amene zotsatira zake zinafalitsidwa mu 1648. Anabzala kamtengo ka msondodzi kolemera makilogalamu awiri ndi pang'ono mu mtsuko wa dothi louma lolemera pafupifupi makilogalamu 90, n'kumathirira madzi okha. Patatha zaka 5 mtengo unalemera pafupifupi makilogalamu 77. Imani pomwepa, ana alembe kuti dothi linachepa ndi makilogalamu angati. Linachepa ndi magalamu osakwana 60. Iye anaganiza kuti zonse zachokera m'madzi. Zoti mbali yaikulu ya thabwa louma imachokera mumpweya, mu kaboni dayokisaidi, sanazidziwe. Mwana akafika pamenepa ndiye muonetseni vidiyo ija, chifukwa tsopano mivi yolowa m'tsamba ikuyankha funso lake.

Choti agwire ndi ichi. Tengani masamba ofewa, osalala, opanda cheya, mudule timaduka tozungulira khumi ndi chiboolero cha mapepala kapena kapaipi komwera zakumwa, kupewa mitsempha ikuluikulu. Sungunulani soda wophikira pang'ono, wa kunsonga ya supuni yaing'ono, m'kapu ya madzi kuti mukhale kaboni dayokisaidi, muwonjezere kadontho kamodzi ka sopo wamadzi. Ikani timaduka tija mu sirinji yopanda singano, kokani madziwo pang'ono, tulutsani mpweya wotsala, tsekani kukamwa kwake ndi chala, kokani chokankhira n'kugwira choncho masekondi khumi, kenako siyani. Bwerezani kawiri kapena katatu mpaka timaduka tonse titamira, chifukwa mpweya umene unali m'kati mwa tsamba watuluka ndipo mwalowa madzi. Tikhuthulireni m'kapu yoonekera, ikani powala. Pakatha mphindi zingapo m'mphepete mwa kaduka kalikonse mumayamba timathovu tating'ono kwambiri, kenako kamodzi kamapendekeka, kamaima chilili, n'kukwera pang'onopang'ono mpaka pamwamba. Umenewo ndi okosijeni. Kapu yachiwiri ikhale mumdima, yachitatu ikhale powala koma yopanda soda. Ana awerenge toyandama mphindi iliyonse, manambala alowe mu Google Sheets kapena LibreOffice Calc, pulogalamu ijambule mizera itatu. Musakoke sirinji mobwerezabwereza koposa muyeso. Maselo amawonongeka ndipo timadukato sitidzayandamanso.

Za majini ndidutsepo mwachangu, koma pali chenjezo. Pa Learn.Genetics pomwepo pali masewera oswanitsa nkhunda otchedwa Pigeonetics, amene ana amawakonda kwambiri. Musanawatsegule, apatseni awiriawiri tindalama tachitsulo tiwiri, kalikonse kakuimira kholo lokhala ndi jini limodzi la dominant ndi limodzi la recessive. Mbali imodzi ya kandalama ikhale dominant, inayo recessive; aponye ka 20, n'kumawerenga ana obadwa oonetsa dominant ndi oonetsa recessive. Gulu lina lipeza 17 kwa 3, lina 12 kwa 8, ndipo adzati lamulo la zitatu kwa chimodzi, loti pa ana obadwa anayi atatu amaonetsa dominant ndipo mmodzi recessive, ndi bodza. Phatikizani manambala a kalasi yonse pa kompyuta aone akuyandikira. Gregor Mendel, amene anafalitsa zotsatira zake mu 1866, anawerenga njere za sawawa 7,324 kuti apeze zosalala 5,474 ndi zamakwinya 1,850. Chenjezo ndi ili: pa intaneti padzaza mapepala ouza ana kuti akayang'ane makutu, malilime ndi maso a makolo awo n'kuyerekeza ndi awo. Musawagwiritse ntchito. Choyamba, zambiri mwa zimenezi, monga kupinda lilime, siziyenda ndi jini limodzi monga mapepalawo amanenera. Pali mapasa ofanana ndendende amene wina amapinda lilime wina ayi. Chachiwiri, simudziwa amene akuleredwa ndi makolo osamubala, ndipo si ntchito ya phunziro lanu kutumiza mwana kwawo ali ndi funso loti bambo ake ndi ndani. Nkhunda ndi sawawa sizikhumudwa.

Foni ipite panja

Pulogalamu ya pa foni yotchedwa Seek, yochokera kwa a iNaturalist, ndiyo yoyenera msinkhu uwu chifukwa sifuna akaunti. Mumaloza kamera pa chomera kapena kachirombo, iyo n'kumayesa kutchula dzina. Chimene ndimaikondera n'chakuti nthawi zambiri siifika kumapeto. Pamwamba pali timadontho toimira magulu a zamoyo kuyambira lalikulu mpaka mtundu weniweniwo, ndipo timadzaza kamodzikamodzi pamene kamera ikuona bwino. Imatha kunena kuti ichi ndi kachirombo, kenako kuti n'cha m'gulu la agulugufe, n'kuima pomwepo. Mwana amene wazungulira chitsamba kufunafuna mbali yoti kadontho kotsatira kadzaze wamvetsa kasanjidwe ka zamoyo kuposa amene waloweza mayina asanu ndi awiri a magulu. Asanaloze foni, ajambule kaye chinthucho m'kope ndi kulemba zinthu zitatu zimene waona: miyendo ingati, masamba akhala moyang'anizana kapena mosinthana, m'mphepete mwake ndi mosalala kapena mwa manomano. Auzeni mosabisa kuti pulogalamu imalakwa, ndipo dzina la pa foni si chilolezo chogwira kapena kulawa chilichonse.

iNaturalist yeniyeniyo, imene inayamba mu 2008 ngati ntchito ya ophunzira a ku University of California, Berkeley, ndi nkhani ina. Zithunzi zimapita poyera, anthu odzipereka amathandiza kuzitchula mayina, ndipo zotsimikizika zimakafika kwa ochita kafukufuku. Ana osakwana zaka 13 saloledwa kukhala ndi akaunti popanda chilolezo cha makolo. Ine ndimaona kuti ndi bwino akaunti ikhale ya mphunzitsi, kalasi isankhe zithunzi zisanu zabwino koposa, n'kuzitumiza. Zithunzi makumi atatu zosaoneka bwino za duwa limodzi la m'mphika zimangotopetsa anthu amene akuthandiza mwaulere. Nkhope ya mwana isaoneke pa chithunzi chilichonse. Ndipo yambani mwaigwiritsa ntchito nokha kwa kanthawi musanaibweretse m'kalasi.

Za mbalame pali Merlin, ya ku Cornell Lab of Ornithology, imene kuyambira mu 2021 imamvetsera kulira kwa mbalame n'kutchula dzina. M'madera ena imadziwa mbalame zambiri, m'madera ena zochepa, choncho iyeseni kaye pabwalo la sukulu yanu. Ngakhale italephera kutchula, imajambula mawuwo pa sikirini ngati timizera tokwera ndi kutsika, ndipo kungokhazika ana makumi anayi chete kwa mphindi zisanu akuwerenga kuti amva mawu osiyana angati n'phunziro kale.

Tsiku la mvula, tsegulani Zooniverse. Kumeneko ochita kafukufuku amaika zithunzi zochuluka zoti sangathe kuziona okha, anthu wamba n'kumathandiza. Pulojekiti ya Snapshot Serengeti inatchera makamera 225 odzijambulira okha m'tchire la Serengeti ku Tanzania, ndipo ya WildCam Gorongosa inachita zofanana ku Mozambique. Mapulojekiti amaima zithunzi zikatha, choncho yang'anani amene ali otsegula sabata imeneyo. Mwana amaona chithunzi, nthawi zina mchira wokha kapena maso awiri owala usiku, n'kusankha kuti ndi nyama yanji, zilipo zingati, zikuchita chiyani. Amantha auzeni kuti chithunzi chilichonse chimaonedwa ndi anthu angapo ndipo yankho limatengedwa pa zimene ambiri agwirizana, ndiye kuphonya kwa mmodzi sikuwononga kanthu. Zithunzi zambiri zimakhala udzu wokha wogwedezeka ndi mphepo. Musawabisire zimenezo, kafukufuku weniweni amakhala choncho. Aliyense alembe nyama zimene wapeza, kenako kalasi iphatikize: zodya udzu zingati, zodya nyama zingati? Kusiyana kwake kumakhala kwakukulu moti funso loti chifukwa chiyani mikango imachepa kuposa nyumbu limadzifunsa lokha, ndipo mwalowa kale mu nkhani ya mmene mphamvu ya chakudya imacheperachepera pokwera kuchoka ku udzu kufika ku chilombo.

OneZoom ndi mtengo wa ubale wa zamoyo umene tsamba lililonse ndi mtundu umodzi, ndipo masambawo amapitirira 2 miliyoni. Musalole ana kungoyendayenda m'menemo, amasochera. Apatseni mafunso atatu ovotera poyamba: bowa ali pafupi ndi chomera kapena ndi munthu? Ng'ona ili pafupi ndi buluzi kapena ndi mbalame? Wachibale wapafupi wa namgumi pa nyama za pamtunda ndi ndani? Mayankho ndi munthu, mbalame, ndi mvuu, ndipo onse atatu amayambitsa mkangano wabwino.

Zing'onozing'ono zimene zimagwetsa phunziro

Chakudza sichiimba ng'oma: intaneti imaduka pa mphindi imene mwaifuna. Chilichonse chimene chingapangidwe dawunilodi, chipangeni dzulo lake, ndipo chiyeseni pa kompyuta yomweyo imene ana adzagwiritse ntchito. Mndandanda wa mawebusaiti umene mwaupeza penapake uyeseni umodziumodzi, chifukwa masewera ambiri akale a sayansi ankayendera Adobe Flash, imene inasiya kugwira ntchito kumapeto kwa 2020, ndipo lero amangotsegula tsamba lopanda kanthu. Ngati sukulu ilibiretu intaneti, pulogalamu ya Kolibri, ya bungwe la Learning Equality, imasunga maphunziro ambiri pa kompyuta imodzi n'kugawira zina zapafupi.

Ana atatu pa kompyuta imodzi amaphunzira kuposa mmodzi payekha, bola aliyense akhale ndi ntchito: wodina, wolemba manambala, ndi wofunsa kuti "tisanadine, tikuyembekezera chiyani?" Asinthane mphindi khumi zilizonse, apo ayi wamphamvu mawu agwira mausi mpaka belu. Ngati kompyuta ndi imodzi kalasi yonse, sizoipa kwenikweni. Amene akuti ofiirira achuluka aime kukhoma ili, amene akuti oyera aime kukhoma ilo, mbali iliyonse inene chifukwa chake, kenako mmodzi adine.

Vidiyo isapitirire mphindi zisanu popanda kuimitsa. Nthawi zina ndimatseka mawu n'kuuza mwana kuti afotokoze yekha zimene zikuoneka, makamaka pa vidiyo ya selo likugawikana kapena mbewu ikumera mofulumizitsa. Khan Academy ndi CK-12 ali ndi maphunziro athunthu a msinkhu uwu, aulere, ndipo ndi abwino kwa mwana amene anajomba kapena wofuna kubwereza kunyumba. Nthawi ya m'kalasi sindiiperekako. Masewera a mafunso othamangitsana monga Kahoot amadzutsa kalasi yogona, koma amapatsa mphoto wofulumira chala, ndipo mwana woganiza mofatsa amatsalira. Kamodzi pakanthawi, pobwereza mayina a ziwalo, n'zokwanira.

Pomaliza mutu uliwonse, musafunse za akalulu, chifukwa za akalulu aloweza. Apatseni nkhani imene sanaionepo. Munthu wamwa mankhwala opha mabakiteriya, ambiri afa, koma patapita nthawi matenda abwereranso ndipo mankhwala omwewo sakugwiranso; afotokoze m'ziganizo zinayi. Powerenga makope, yang'anani chinthu chimodzi: kodi mabakiteriya osamva mankhwala analipo kale mankhwala asanabwere, kapena mwanayo walemba kuti "anazolowera"? Makope a gulu lachiwirili aikeni pambali. Eni ake muwakhazike atatuatatu pa pulogalamu ya akalulu ija tsiku lotsatira, mimbulu ili yozimitsa, ndipo asalowetse mmbulu mpaka aliyense ataloza ndi chala kalulu wofiirira woyamba kubadwa n'kulemba m'badwo umene wabadwira.